Mbendera Yobiriwira

Siteshoni yathu ndi denga la malata, benchi imodzi ya simenti, ndi chikwangwani chimene zilembo zake zinafufutika ndi dzuwa. Wantchito palibe. Zenera logulitsira matikiti analikhoma ndi matabwa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, tsiku limene anauza bambo anga kuti ntchito yawo yatha. Kuyambira pamenepo lamulo ndi limodzi: ukafuna kukwera, ima pa mzere wachikasu, ukweze dzanja sitima ikamatulukira pakhona. Woyendetsa akapanda kuona dzanja, amadutsa. Sitima za katundu zimadutsa tsiku lililonse osaima, koma ya anthu yopita kutauni imabwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi.

Bambo anga ntchito inawasiya, koma iwo sanaisiye. Anabweza makiyi, chipewa, ndi mbendera yofiira yoimitsira sitima. Yobiriwira, yomuuza woyendetsa kuti njira ili bwino apitirire, anaibisa m'jekete. Ndiye sitima ya anthu ikayandikira, ankavala jekete lija, n'kukaima njo papulatifomu, mbendera m'mwamba. Woyendetsa wake, mkulu wandevu zaimvi amene anayamba nawo limodzi ntchito, ankaliza hutala kawiri n'kudutsa. Anthu anawapatsa dzina loti a Wenzulo, ndipo ine zinkandichititsa manyazi osati pang'ono.

"Bambo, anthu akukusekanitu," ndinkawauza choncho. "Sitimayo singadutse popanda inu?"

"Iwe, ukwati unakukanika," ankandiyankha akupukuta nsapato, "ndiye uzindiphunzitsa ine za njanji?"

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu lina m'mawa, m'nyengo ya mvula, ndinawapeza atagwa pakhomo la kuchipinda kwawo. Pakamwa panali patapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafooka, mawu osatuluka. Mlatho wa kumsewu unali utakokoloka sabata yathayo, moti galimoto sizinkafika. Chipatala chili kutauni, ndipo njira inali imodzi yokha: sitima ya teni koloko.

Ndinathamangira kwa kalipentala woyandikana nafe nyumba. Anabwera ndi wilibala, tinayalamo bulangeti, n'kuwanyamula. Tikutuluka, bambo anagwira felemu la chitseko ndi dzanja lakumanzere, gwa, osasiya. Maso awo anali pamsomali pamene pankakhala mbendera.

"Bambo, si nthawi yake ino!" ndinakalipa.

"Apatseni, achemwali, tichedwa," anatero kalipentala. "Munthu wodwala sakangana naye."

Ndinaichotsa pamsomali n'kuwaikira pamiyendo. Anasiya felemu nthawi yomweyo. Ndi manja angawa ndinawapatsa, ndipo zimenezo sindidzadzikhululukira.

Titafika pasiteshoni ndinazindikira kuti buku lawo lakuchipatala ndaliiwala patebulo. Kalipentala anaimika wilibala m'mphepete mwa pulatifomu kuti tisadzavutike pokweza, n'kubwerera chothamanga kukalitenga. Ine ndinapita patsogolo pang'ono, pamene mzere wachikasu umaonekabe bwino, bambo ali kumbuyo kwanga. Njanji zinayamba kulira chapansipansi, kenako mutu wa sitima unatulukira pakhona.

Ndinakweza dzanja. Ndinakweza onse awiri, n'kumagwedeza. Hutala inalira kamodzi, inaliranso kachiwiri, ndipo kulira kumeneko ndinkakudziwa. Liwiro silinatsike ngakhale pang'ono. Mutu wa sitima ukundidutsa ndinamuona woyendetsa pazenera, mano onse pamtunda, akundibayibitsa ngati mmene ndinkamugwedezera manja inenso.

Ndinatembenuka. Bambo anga, thupi litapendekera mbali imodzi m'wilibala, dovu likutsika pachibwano, anali atakweza mbendera yobiriwira ndi dzanja lakumanzere. Dzanjalo silinatsike mpaka bogi lomaliza litadutsa, monga anawaphunzitsira ali mnyamata.

Ndinathamangira sitimayo mpaka pamene simenti imathera, ndikukuwa. M'mazenera anthu ankangondiyang'ana, wina akusenda nthochi. Kenako kunati zii, kungotsala fungo la dizilo.

Nditabwerera, bambo anali atatsitsa mbendera, akuyang'ana wotchi ya pamkono wakufa uja. Theka la pakamwa pawo linkamwetulira, chifukwa sitima inali itasunga nthawi. Ndinawalanda mbenderayo n'kuiponya panjanji. Ndinawanyoza, bambo anga ondibala, mawu amene sindingawabwereze pano. Iwo ankangondiyang'ana ndi diso limodzi, osamvetsa chimene alakwa. Kalipentala anafika ali wefuwefu, buku kumanja.

Pansi pa chikwangwani pali nambala ya foni. Ndinaimba kasanu. Kachisanu anayankha mayi wina waulemu kwambiri, amene anati akupepesa, sitima ya katundu siingaime, ya anthu ndi Lachiwiri. Masana tinayesa kukankha wilibala mpaka kumtsinje, koma madzi anali m'khosi mwa munthu wamtali. Tinabwerera nawo kunyumba. Anamwalira Lamulungu masana, ine ndikuwamwetsa madzi ndi supuni, ndipo Lolemba tinawaika.

Lachiwiri m'mawa miyendo inanditengera yokha kusiteshoni. Ndinakhala pabenchi, manja pamiyendo. Mbendera ija inali pomwe ndinaiponya, pakati pa njanji, itada ndi mafuta. Pamzere wachikasu panalibe munthu.

Sitima inatulukira pakhona. Hutala sinalire. Ndinamva mabuleki akulira, mabogi akugundana, mpaka chisitima chonsecho chinaima patsogolo panga. Woyendetsa uja anasuzumira pazenera, n'kuyang'ana uku ndi uku papulatifomu.

"Achemwali," anandiitana, "madala ali kuti lero? Zaka zonsezi sanajombepo. Ndaona kuti ndiime, mwina sakupeza bwino, tiwatengere kuchipatala."

Kondakitala anali atatsegula kale chitseko, atatsitsa ndi sitepe. Anandidikira mphindi zitatu zathunthu, koma panalibe wokwera.