Mapiritsi a Baba ndi Ukwati Wanga

Dokotala wa mumzinda wa Pune anatilozera timadontho tiwiri pa chithunzi cha ubongo wa Baba, bambo anga. Anati matenda onjenjemeretsa thupi alipo amitundumitundu, ena samva mankhwala, koma chithunzicho chinkasonyeza kuti a Baba ndi aja amene mapiritsi amawagwira bwino.

"Ayambe mawa lomwe," anatero, maso ali kwa Dada Bhaskar, mchimwene wanga wamkulu. Madokotala akwathu ndi mmene alili, amalankhula ndi mwana wamwamuna. Ine ndi Baba, eni ubongowo, tinali ngati mipando.

Mawa lakelo silinafike. Ukwati wanga ndi Tanmay unali utayandikira, ndipo sitolo yamankhwala mtauni mwathu ndi imodzi yokha, ya a Godbole, amalume ake a Tanmay yemweyo. Akazi awo ankabwera kwathu tsiku ndi tsiku, ati kudzathandiza kukulunga laddu, timipira totsekemera todya paukwati, chikhalirecho akusuzumira m'makabati.

"Urmila, tamvera," Dada anandiuza. "Kunjenjemera ndi ukalamba, aliyense amadziwa. Koma piritsi lili ndi dzina. Akuchimuna akangomva dzinalo ati ndi matenda akumtundu, ndiye ukalambira m'nyumba muno. Ukwati udutse kaye."

"Ndiye Baba azivutika chifukwa cha ine?"

"Miyezi yochepa yokha. Usandikweze magazi."

Zachamba zenizeni! Baba ankataya tiyi pamalaya, mabatani ndinkawamangira ndine, mapazi ankawakwekwesa pansi. Munthu amene anaphunzitsa tauni yonse kulemba sankathanso kugwira supuni. Alendo akafunsa, Dada ankamwetulira n'kunena kuti Baba afooka ndi kusala kudya. Ine mtima unkachita kuwira.

Tsiku limene Baba anagwa m'bafa n'kung'ambika pachipumi, ndinati zakwana. Ndinapita kwa a Godbole sitolo ili yodzaza, n'kutchula dzina la mapiritsi aja mokweza kuti ndi ogontha omwe amve.

"Ndi a ndani, mwanawe?" anafunsa a Godbole.

"A Baba. Ali ndi matenda a Parkinson. Muwauze ndi akunyumba, asavutikenso kutsegula makabati athu."

Sabata isanathe, akuchimuna anatumiza uthenga wakuti wopenda nyenyezi wawo wayang'ananso, ndipo nyenyezi yanga ndi ya Tanmay sizikugwirizana, choncho ukwati sutheka. Nyenyezi zomwe zija zinkagwirizana bwinobwino dzana! Tanmay sanaimbe n'komwe foni. Dada anakalipa mpaka mawu kusasa, ine ndinkangowapatsa Baba mapiritsi.

Baba sanandilankhule kwa masiku ambiri. Kenako m'mawa wina anatsika masitepe okha, malaya atamanga okha, n'kudzaima patsogolo panga kukhitchini.

"Umayesa sindimadziwa?" anatero. "Ine ndi amene ndinamuuza Bhaskar kuti tidikire. Ndimafuna ndikupereke kwa mwamuna ndi dzanja langali, kaya linjenjemere bwanji. Wakutuma ndani?"

"Palibe, Baba. Ndipo nditati ndibwereze, ndingachitenso zomwezo."

Mbama inalira patsaya langa, phaa! Baba anali asanandimenyepo chibadwire. Tsaya linatentha, misozi inalengeza. Koma maso anga anali pa dzanja lija. Linali likadali m'mwamba, litangoti zii, osanjenjemera ngakhale pang'ono.

Baba nawo analiyang'ana.

"Nthawi ya piritsi lina yakwana," ndinatero. "Gwirani nokha kapu."