Mango a mu Mtsuko

Atsibweni ake a Juliana ananena kamodzi kokha, ataima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ku Ngabu.

"Mango a mtengo uwu akatha Shadreck wakoyo asanatumize ankhoswe, ndikuvomera mawu a Macdonald, amenenso akufuna kukukwatira."

Shadreck anali kwawo ku Mlolo, kutsidya kwa Shire, ndipo mtsinje unali utasefukira. Mabwato sankawoloka. Foni yake inali itazima kwa sabata yathunthu.

Juliana anathyola mango omaliza akadali aawisi, osawagwetsa pansi, ndipo anawapukuta utomoni. Anawaika mu mtsuko waung'ono, n'kuulowetsa mu waukulu, pakati pake n'kuthirapo mchenga wonyowa. Pamwamba anavundikira chiguduli chonyowa. Anabisa zonsezi kuchipinda kwake, ndipo m'mawa ndi madzulo ankathirira mchengawo kuti mangowo azizizira, asapse msanga. Mumtengo mango anatha, koma iye ankauza atsibweni kuti, "Akadalipo."

Tsiku lachisanu ndi chitatu analowa m'chipindamo n'kumva fungo lokoma, lolemera. Atavundukula, anapeza onse atasanduka achikasu, ena atayamba madontho akuda. Anawatulutsa limodzilimodzi. Pansi penipeni panali nthochi ziwiri zakupsa kwambiri. Aliyense amadziwa kuti nthochi yakupsa imapsetsa msanga chilichonse chimene wavundikira nayo.

Mayi ake anali ataima pakhomo la chipinda.

"Amayi, nthochizi waika ndani?"

"Mango ako amachedwa kupsa."

"Ndinu?"

"Kwa Asena mkazi amapita kwa mwamuna, Juliana. Ine ndikupereke ku Mlolo, kumene anthu amathawira pamadenga chaka ndi chaka? Sindinaberekere ng'ona."

"Masiku atatu okha, amayi. Madzi akuphwa."

"Zimenezo uwauze mangowo."

Panja panalira belu la njinga ya kabaza. Atsibweni anatsika, anasasa fumbi pa buluku, n'kuitanitsa mangowo. Juliana anawabweretsa m'lichero. Iwo anasankha limodzi n'kulidina ndi chala. Khungu linaboka, madzi anayenderera mpaka pachigongono.

"Awa mawa aola, mwanawe," anatero mofatsa. "Itana anthu tidye."

Juliana anayang'ana kumsewu wochokera kumtsinje. Kunali ng'ombe zokha ndi mitambo yakuda ikusonkhananso. Kumbuyo kwake anamva mpeni ukulowa m'bango loyamba.