Njira ya Zigoba ku Toujounine

Tekber anali atasamuka kasanu pa zaka zinayi, moti zingwe zomangira katundu sankazitayanso, ankangozipinda n'kuziika pansi pa matiresi. Nyumba ya ku Toujounine, kumapeto kwenikweni kwa mzinda wa Nouakchott, anaipeza yotchipa chifukwa panalibe woifuna. Mchenga unali utafika m'mawindo a kumpoto, chitseko chinkatseguka theka, ndipo mwini wake, Isselmou, anangotumiza makiyi osabwera n'komwe. Galimoto yake inkatitimira ikangosiya msewu wa phula.

Tekber akanakhala yekha, kusamukasamuka sikukanamuvuta. Koma anali ndi bambo ake, a Lemrabott, omwe maso anawathera kalekale. Nyumba iliyonse yatsopano inkawadyera miyezi itatu: kupapasa makoma, kugunda mabondo m'masitepe, kuitana mwana wawo ngakhale pofuna kupita kuchimbudzi. Munthu amene ankayenda ndi ngamila masiku khumi osasochera, lero n'kumasochera pakati pa chipinda ndi bwalo! Zimenezi zinkamudya mtima Tekber, ndipo analumbira kuti pano pokha sachokapo.

Ndiye anagwira fosholo. Akaweruka kumsika komwe ankagulitsa nsalu, ankachotsa mchenga, mphepo n'kuubweza, iye n'kuuchotsanso. Kukhala pansi kunkamukanika mkaziyu. Ngakhale akudya, diso linkakhala pampanda kuona ngati mchenga wakweranso. Anabzala timitengo taminga kumbali yochokera mphepo, makoma anawapaka laimu, chitseko penti yobiriwira. Kenako anaitanitsa ngolo zinayi za zigoba za nkhono, zija omanga nyumba amasakaniza ndi simenti, n'kuziyala kuyambira pakhomo, kudutsa pamzikiti, mpaka kukafika kumsewu.

Zinathandizadi. Ngolo ya bulu yogulitsa madzi inayamba kufika pakhomo penipeni. A Lemrabott akamva zigoba zikulira kuphazi ankadziwa kuti ali m'njira. Tsiku loyamba kupita okha kumzikiti anabwerako nkhope ikuwala, ndipo anamukalipira Tekber chifukwa chowatsatira pambuyo monyang'ama.

Mounina wa nyumba yoyandikana, amene mchenga wa pakhomo pake sankaukhudza ngakhale ndi tsache, anaima atagwira m'chiuno.

"Iwe Tekber, zonsezi ukukonzera ndani? Kapena nyumbayi wagula osatiuza?"

"Ukufuna ndizikhala ngati buluzi mumchenga, ngati iweyo?"

"Buluzi ameneyu ali pano chaka chachisanu ndi chinayi, mayi. Mwini nyumba yanga nkhope yake ndinaiiwala. Iwe wako wamuyalira msewu."

Tekber anaseka, koma kuyambira tsiku limenelo akangomva galimoto patali ankatuluka panja kukasuzumira.

Sipanathe milungu itatu. Lachisanu masana, anthu atangochoka kumzikiti, galimoto yoyera inabwera ikuphwanya zigoba mpaka pachipata. Isselmou anatsika atavala mkanjo wabuluu wouma ndi sitachi. Anayang'ana makoma, timitengo tija, chitseko. Anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ananso, ngati wasokera nyumba.

Mlendo safunsidwa chimene wabwerera asanamwe tiyi katatu. Tekber anayatsa makala, n'kuyamba kuthira tiyi m'tambula iyi n'kubwezera mu inayo kuti achite thovu. Pa tambula yoyamba Isselmou anafunsa za moyo wa a Lemrabott, omwe anali atagona pamkeka m'chipinda, chitseko chili chotsegula. Pa yachiwiri anadandaula za kutentha ndi kukwera mtengo kwa nkhosa. Yachitatu Tekber anaichedwetsa dala, akukupiza makala omwe anali akuyaka kale. Koma tiyi sangawire mpaka mawa.

"Mlongo wanga, manja ako ndi odala," anatero Isselmou ataika tambula pansi. "Nyumba iyi ine ndinkaiyesa yakufa. Mwana wanga wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa, ndipo ndimasowa pomuika. Mulungu wandiyankha kudzera mwa iwe."

"Bambo Isselmou, chonde. Bambo anga angoizolowera kumene, akutha kupita okha kumzikiti. Kwezani lendi ngati mukufuna, koma musatichotse."

"Aaa, ine ndikutayeni panja? Wandiona ngati munthu wotani? Ndili ndi ina kutsogoloku, kuseri kwa mulu waukulu wa mchenga uja. Yaikulu kuposa ino. Mchenga wangoikwirira pang'ono, koma kwa iwe imeneyo si nkhani."

Anaika kiyi pathireyi pambali pa shuga, anayamika tiyi, n'kukatembenuza galimoto yake mosavuta pa zigoba paja.

Tekber anatsala akuyang'ana kiyiyo. Mkwiyo unamugwira, koma womukwiyira panalibe, chifukwa fosholo anaigwira ndi manja ake. Anadzuka, anakhalanso pansi. Anatsuka matambula, n'kuwatsukanso. Anapita kuchipata, anaona Mounina akubwera, n'kutseka asanafike. Mumtima ankasakasaka mawu oti akayambire kwa bambo ake, koma onse ankatuluka opotoka.

"Tekber."

"Ee, bambo."

"Anafa ndi maso okha, makutu alipo. Bwera kuno."

Anawapeza atadzuka, ndodo ili pamiyendo. Anamupapasa mpaka anapeza dzanja lake, n'kuyamba kusisita matuza a fosholo m'chikhatho.

"Kumeneko usakapake laimu, mwana wanga, usakayalenso kanthu. Ukakumbe pakhomo pokha, poti tizilowa chowerama. Zopita ndekha kumzikiti ndazilawa, zakwana. Uzikandigwira dzanja iweyo."