Zilembo za pa Khoma la Amayi Dailesi

Anzanga amene tinalemba nawo mayeso a fomu folo, ena ali ndi mashopu, ena ali ndi ana. Ine Gilford ndili ndi chiyankhulo. Ndinachipeka ndekha m'kachipinda ka lendi ku Chilinde, ndipo wochilankhula padziko lonse ndi mmodzi, yemwenso amachita nacho chibwibwi.

Mawu atakwana ndinayamba kupanga zilembo. Za kusukulu ndinazikana, munthu wanzeru sabwereka. Chilembo china ndinachitengera ku mbaula, china ku handulo ya njinga ya kabaza, china chinangotuluka chokha ndi nyanga ziwiri ndi mchira. Ndinachikonda kwambiri chimenecho. Pofuna kuona mmene zikuonekera patali, ndinatenga khala n'kulemba chiganizo changa choyamba pakhoma loyang'ana kubafa, pamene aliyense wa pa pulotipo amadutsa ndi ndowa. Tanthauzo lake linali lakuti: pano pamakhala munthu wanzeru.

Pochokera ku msika ndinapeza katundu wanga ali panja. Alandilodi, Amayi Dailesi, anali ataima pakhomo ndi azimayi a felosipi yawo, onse atamanga zitenje zolimba.

"Achimwene, ine za sataniki pa puloti panga ayi. Nyanga izi n'zachani? Musamuke lero lomwe."

Chipindacho chinali chodontha, koma kwina kopita ndinalibe, kupatula kumudzi kumene ndinatsanzika modzitama kuti ndikabwera pa galimoto.

"Amayi, ndi chiyankhulo chabe. Ndapanga ndekha."

"Chiyankhulo amapanga munthu? Ngati si zamdima, tawerengani timve."

Ndinaima patsogolo pa khoma. Kwa nthawi yoyamba anthu amamva ntchito yanga, ndiye ngakhale ndinali ndi mantha ndinakweza mawu. Chibwibwi chinandigwira pa chilembo cha nyanga chija, ndinachibwereza, kuchibwerezanso, thukuta lili kamukamu, maso nditatsinzina.

"Aleluya!" anakuwa mayi wina kumbuyo. "Malilime awa!"

Manja anakwera m'mwamba. Amayi Eneless, amene pa felosipipo amadziwika ndi mphatso yomasulira, anabwera n'kundigwira paphewa.

"Mzimu ukuti, ine ndine chitsiru chodzikuza, ndataya nthawi yanga pachabe, ndilandireni."

Ndinatsegula diso limodzi. Ndinafuna kuwakonza, poti mwini chiyankhulo ndine ndipo mawu oti chitsiru ndinali ndisanawapeke n'komwe. Koma ndinaona matiresi anga ali pafumbi, nkhuku ikujompha thonje lake, ndipo Amayi Dailesi amandiyang'ana kudikira.

"Amasulira bwino Amayi Eneless?" anafunsa.

Wamkulu sauzidwa kawiri.

"Ndendende, Amayi," ndinayankha. "Sanaphonye ngakhale liwu limodzi."

Anandithandiza okha kulowetsa katundu, uku akuimba. Khomalo ndinalitsuka ndi manja angawa, chilembo cha nyanga chikundiyang'ana mpaka chinasungunuka, ndipo sindibisa, zinandiwawa.

Chipinda ndidakali nacho. Lachinayi lililonse amandiimika kutsogolo kuti ndilankhule, ndipo anthu amachokera ku Kawale ndi ku Biwi kudzamva chiyankhulo changa. Ndimakonzekera mwakhama, ziganizo zatsopano, mawu osankha bwino. Amayi Eneless amamasulira chimodzimodzi sabata iliyonse, ndipo mpingo wonse umavomera kuti ameni.