Zitheba za Lachitatu

1.

Sizichedwa kupsa. Ubwino wa zitheba ndi umenewo, ndipo mwina ulipo wokhawo.

2.

Alamu anga a Felesiya, akulu ake a malemu mkazi wanga Donata, anafika Lachitatu madzulo ndisanavule nsapato za kuntchito. Sanaimbe foni. Oyendera sukulu nawonso saimba foni. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo la khitchini, chikwama pamiyendo, maso pa denga, pa mbale za m'mawa, pa zidendene za mwana wanga Tamanda.

Mwanayu akudya, alamu?

Akudya.

Akudya chiyani?

Chakudya.

Tiona.

Anadzera zimenezo, kudzaona. Kwawo ku Mitundu anakhalirana kale pansi. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi sangaleredwe ndi bambo yekha m'tauni. Zimene a Felesiya akanene kwa a Gerevazio, atsibweni ake a mwanayo, ndi zimene zichitike. Akakanena kuti mwana abwere, teremu ino ikatha Tamanda akwera minibasi ndi katundu wake.

3.

Zimene anthu andiuza chimwalirire Donata:

limbani mtima
Mulungu amatenga abwino
pezani wantchito
pezani mkazi
musapeze mkazi tisanakusudzuleni
mwaonda
mwanenepatu, akukuphikirani ndani
mapoto onse aja mutani nawo

Palibe amene anandiuza kuti anyezi ndiye amayamba kulowa m'mafuta.

4.

Anandiuza ndi mayi wa pa foni, wa zikhadabo zopaka utoto, amene khitchini yake ndi yoyera ngati chipinda cha opaleshoni ndipo amamwetulira poto ngati poto wamuuza nkhani yoseketsa, moni okondedwa anga lero tiphika ndiwo zapambali zachangu zosavuta za inu otanganidwa pakati pa sabata, mungotsuka mungodula mungokazinga ndipo banja lanu lonse likunyambita zala, akutero mayiyo osatuluka thukuta ngakhale dontho, magetsi ake osathima, mwana wake osaoneka, mlamu wake osakhala pakhomo ndi chikwama pamiyendo

Zosavuta.

5.

Umachoka kusukulu choko chili m'zikhadabo. Umadzera pamsika. Mayi wogulitsa amakuitana kuti aphunzitsi, ndi mawu a chisoni aja amene anthu amasungira amuna ogula okha ndiwo. Umathyola chitheba chimodzi. Chikalira, ndi chalero. Chikangopindika ngati lamba, chisiye, ngakhale mayiyo alumbire pa manda a amake.

Kunyumba umadula nsonga zonse ziwiri, n'kukoka kaulusi ka m'mbali. Umaduladula. Umatsuka. Ndi ntchito imene munthu angaigwire osaganiza kanthu, ndipo n'chifukwa chake umaikonda.

6.

Soda ali kuti? anafunsa a Felesiya.

Sindithira soda.

Nsinjiro?

Palibe.

Ndiye mukuphika ndiwo kapena mukudyetsa mbuzi?

Kwawo amawiritsa masamba mpaka masambawo aiwale dzina lawo. Ndinafuna kuwauza kuti soda amapha mavitamini. Ndimauza ana a Fomu 2 zimenezi chaka ndi chaka, iwo amalemba m'mayeso, amakhoza, n'kupita kwawo kukathira soda. Ndinangodula anyezi.

Mpeniwo mukuugwira ngati cholembera, anatero a Felesiya. Ndipo ufa sindikuuona.

Lero tidya mpunga.

Mpunga. Ndiye kuti tigona ndi njala.

7.

Iwe Donata, ukukumbuka? Tikuchokera kumaliro a amalume ako, m'basi, unawayerekeza akulu akowa mpaka ndinatsamwa ndi chimanga chootcha. Unakweza chibwano, unatsinzina diso limodzi. Mwana asadye mazira. Wapakati asaime pakhomo. Kadzidzi walira, wina apita. Iwe namwino, ine mphunzitsi wa sayansi, tinali awiri onyoza, ndipo kunyoza muli awiri kumakoma.

Kunyoza uli wekha kuli ngati kudya utaimirira.

8.

Tamanda akuti:

Adadi amaphika zitheba Lolemba. Lachiwiri amaphikanso. Lachitatu amati lero tisinthe, n'kuthiramo karoti. Anzanga kusukulu amatsegula bokosi langa n'kumalira ngati mbuzi. Ine ndimadya zonse.

Amayi aakulu anandiitanira kuseri kwa nyumba adadi akutsuka mpunga. Anandikweza mkono n'kuyang'ana m'khwapa. Anandifunsa ngati kuno kumabwera azimayi. Ndinati poyamba ankabwera a kutchalitchi koma anatopa. Anandifunsa ngati ndikufuna kukakhala kumudzi. Ndinati sindikudziwa. Kumudzi kuli mango ndiponso azisuweni anga. Kuno kuli adadi. Akandituma kukagula machesi amaima pageti mpaka ndibwere, koma amanamizira kuti akuona maluwa. Maluwawo anauma kale.

9.

Taonani bambo uyo. Wakwinya manja a malaya, tayi akadali m'khosi. Ali ndi digiri imene ili m'galasi pabalaza. Waika mafuta m'poto ndipo akudikira kuti atenthe, akuyang'anitsitsa ngati wina angamubere. Anyezi. Akutakasa. Tomato. Akutakasa. Zitheba, karoti, timadzi pang'ono, chivindikiro. Mayi wokhala pakhomoyo waphikapo pa maliro ndi pa maukwati, m'mapoto oti mwana angasambiremo, ndipo akumuyang'ana bamboyo monga mmene munthu amayang'anira galu amene akuyesa kuyenda ndi miyendo iwiri.

Bamboyo akudziwa. Khosi lake latuluka thukuta.

10.

Sizichedwa kupsa.

Donata nayenso sanachedwe. Mvula ikuyamba ankadandaula mutu. Chimanga chisanamasule tinali titamuika.

11.

Ndinavundukula poto. Zinali zobiriwirabe, monga ziyenera kukhalira. Chigubu cha mchere chinali pomwepo, pafupi ndi chigongono changa.

Tamanda, ndinaitana. Bwera uthire mchere.

Donata ankatero. Osati masiku onse, koma masiku ena ankaima pa chitofu, mchere uli pafupi, n'kuitana mwana kuchokera panja kuti adzathire. Anayamba mwanayo asanatalike n'komwe, ankachita kumunyamula. Ine ndinkaona kuti ndi kasewero kawo, njira yozolowezera mwana ku khitchini. Pa zonse zimene mkazi wanga ankachita pophika, chimenechi chokha ndi chimene ndinachigwira bwino, choncho ndimachita tsiku lililonse.

Tamanda anabwera akupukuta manja pa diresi. Anatapa ndi zala zitatu, anawaza, anandiyang'ana.

Wonjeza pang'ono, ndinatero.

Anawonjeza n'kubwerera ku homuweki yake.

A Felesiya anali atasiya kuyang'ana denga. Ankayang'ana ine.

12.

Patebulo:

mpunga, wolimba pansi
mazira okazinga
zitheba
jagi ya madzi
masipuni, amene a Felesiya anakankhira pambali

Anapemphera ndi Tamanda. Tinayamba kudya. Zitheba zinkalira m'kamwa mwa alamu anga, khurrr, khurrr, ndipo ndinadikira kuti anene kuti n'zaziwisi. Yankho ndinali nalo kale. Ndinali nditalikonza pamene ndinkadula anyezi, yankho laulemu koma lobaya.

Sananene.

Sananene za mpunga. Sananene za makatani. Anadya pang'onopang'ono, akuyang'ana mwana, akuyang'ana ine, akuyang'ananso mwana. Munthu amene chiyambire kumudziwa sanadyepo m'nyumba mwanga osapeza cholakwika.



13.

Ndiye kuti zatha, agamula kale, mawa adzakhala pamkeka ndi a Gerevazio, mwini mbumba amene ana ake omwe sakudziwa kuti ali sitandade chani, ndipo adzati mwana akudya udzu wosapsa, mwana akugona ndi mpunga m'mimba, bambo ake akuphika atavala tayi, onse adzaseka, adzapukusa mitu, adzati ophunzira ndi choncho, ndipo mwana wanga amene amawerenga buku ali m'bafa adzapita kukatunga madzi m'mawa sukulu isanayambe, adzaphunzira kugwada ndi kuyang'ana pansi ndi kuopa kadzidzi, azidzabwera kuno pa holide atandizolowera ngati mlendo, azidzati moni bambo manja ali kumbuyo, ndipo ine ndizidzaphika zitheba za munthu mmodzi, zimene sizidzaza ngakhale pansi pa poto

Sizichedwa kupsa.

14.

Anasamba m'manja. Anapukuta pa chitenje, osati pa thaulo limene ndinawaikira.

Ndikagona kwa mwana wanga ku Biwi, anatero. Iwe Tamanda, tsala utsuke mbale. Alamu, ndiperekezeni.

15.

Kunja kunali kusanade kwenikweni. Tinadutsa pogulitsira madzi, tinadutsa okazinga tchipisi. Titayandikira pa siteji a Felesiya anaima n'kusintha dzanja lonyamulira chikwama.

Alamu, ndaona.

Mwaona chiyani?

Musandiyese mwana. Mchere unali pa chigongono panu. Mwaitana Tamanda.



Munthu amene thupi lake lili lotentha sathira mchere m'ndiwo zoti adye mwana, anatero a Felesiya motsitsa mawu. Angamudule, mwana n'kuyamba kutupa ndi kutsokomola. Mng'ono wanga ankazisunga zimenezi mwezi ndi mwezi akakhala kumwezi. Ndinamulanga ndine atatha msinkhu, ndipo sanaphonyepo, ankandiuza yekha. Koma inu ndinu mwamuna, simupita kumwezi. Ndiye kuti pali mkazi.

Mwezi ndi mwezi. Donata. Namwino uja wa m'basi. M'khitchini mwanga, ine ndili pabalaza kuchonga mayeso a sayansi.

Poyamba mtima unandiwawa, anapitiriza a Felesiya. Manda sanaphwe n'komwe, ife sitinakusudzuleni.  Koma ndinu mwamuna, nanga ndikanayembekezera chiyani, mbuzi ikaona chimanga imadya. Chimene sindinayembekezere ndi ichi. Inu aphunzitsi, amene mumatiyang'ana ngati tonse ndife ana a sitandade wani, kuopa kudula mwana wa mng'ono wanga. Wina akanangothira, ndani akanadziwa? Inu mwalolera kuchita manyazi pamaso panga.

Minibasi inatulukira pakona, kondakitala atatulutsa mutu pawindo.

Ndikawauza achimwene akusudzuleni msanga, anatero. Zobisa zithe, mkaziyo alowe m'nyumba masana, aziphika ndiwo zakupsa. Mwanayo akhale konkuno. M'nyumba mukubwera mayi, ndipo bambo ake ndi osamala. Ndikananena zina ndikanapeza muli nokhanokha ndi udzu wanuwo.

Ndikanatha kuwauza. Palibe mkazi, sipanakhalepo, sindinayang'anepo n'komwe. Sindinkadziwa chifukwa chimene Donata ankaitanira mwana. Mawu ochepa chabe, ndipo ku Mitundu konse akanadziwa kuti mwana wawo anasiya mwamuna wokhulupirika. Akanandilemekeza. Akanatumiza munthu kudzatenga Tamanda.

Minibasi inaima. Kondakitala analandira chikwama. A Felesiya anaponda mwendo umodzi pakhomo n'kutembenuka.

Ndi wa kuti?

Ndani?

Mkaziyo.

Wa ku Ntcheu, ndinatero.

Mngoni, anatero a Felesiya akukwera. Ayi, bola. Amenewo amadziwa kugwada.