Kaundula wa a Yeremiya

Mu 1996, Monika Kadzuwa ankathandiza madokotala ena ku Lilongwe kuphatikiza malipoti asanu ndi awiri a kafukufuku wa chifuwa chachikulu. Ankafuna kudziwa kuti mwa odwala amene amaliza mankhwala, ndi angati amakhalabe ndi moyo pakatha zaka ziwiri. Yankho linatuluka lokoma: asanu ndi anayi mwa khumi alionse.

Monika anali atagwirapo unamwino, ndipo sanakhulupirire. Atayang'anitsitsa anapeza kuti malipoti atatu anachokera pa kachipatala kamodzi ku Mphunzi. Zaka za odwala, midzi yawo, zonse zinali zofanana. Anthu omwewo anawerengedwa katatu.

Anapitako mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba mapiri. Kalaliki wa pamenepo, a Yeremiya, anamutulutsira kaundula pakhonde.

"Amene sanabwererenso munkatani nawo?" anafunsa Monika.

"Ofufuza anati ndiziwachotsa. Ndizilemba okhawo amene ndawaona."

"Ngakhale mutamva kuti amwalira?"

"Kumva si kuona, mayi."

Monika anayamba kuwerenga mokweza maina a amoyo. Atatchula Anselmo Chiwaya, mayi amene ankasesa pabwalo, a Kristina, anaimitsa tsache.

"Amenewo ndi amuna anga. Tinawaika m'manda chaka cha chilala, 1992."

Kaundula ankasonyeza kuti a Anselmo ankabwera mwezi uliwonse mpaka 1994, kulemera kwawo kosasintha.

"Ankabweradi," anatero a Yeremiya motsitsa mawu. "Mmamawa, nkhungu isanachoke. Ankakhala pa benchi apo, osatsokomola. Sanali okha. Pa sikelo sankakwera, ndiye ndinkangolemba kulemera kwakale."

"Simunawafunse kumene akuchokera?"

"Pa fomu panalibe funso limenelo."

Monika anapeza maina khumi ndi limodzi otere, a anthu amene kulemera kwawo sikunkasintha. Masana a Kristina anamuperekeza kumanda, kuseri kwa minda ya mbatatesi, ndipo Monika anawerenga asanu ndi anayi mwa mainawo pa mitanda. Pobwerera, Monika anadutsa pakhonde paja mofulumira, osacheuka.

Ku Lilongwe madokotala anachotsa malipoti awiri obwereza, koma lachitatu analisiya. Ankati malamulo awo safunsa mmene odwala ankatsatiridwira. Monika anapempha kuti dzina lake lisalembedwe pa ntchitoyo.

Patapita miyezi, a Yeremiya anamulembera kalata. Anati a Kristina tsopano amafika pa ntchito kusanache, atanyamula tiyi m'makapu awiri, ndipo amakhala kumapeto kwa benchi mpaka nkhungu itachoka.