Chipsera cha Macdonald

Rejoice atabweretsa mwamuna wofuna kumanga naye banja, amalume ake a Dickson analongedza msanga zipatso zomwe amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba, natsikira ku Chinamwali kwa mlongo wawo Consolata, mayi ake a Rejoice. Mlendoyo anali Macdonald, dalaivala wa lole yonyamula matabwa, munthu waulemu wolankhula motsitsa mawu. Anati kwawo ndi ku Kasungu, ndipo Zomba anayamba kupondako chaka chathachi.

Anali ndi chipsera cha moto pamkono wamanzere, chochokera pachikhatho kufika pachigongono. Mayi Consolata, amene sadziwa kusunga funso m'kamwa, anamufunsa kuti chinamuchitikira n'chiyani. Macdonald anayang'ana pansi kaye, kenaka n'kufotokoza kuti ali ku Joni nyumba yosungiramo nsalu inapsa, mlonda wokalamba atatsekeredwa m'chipinda cham'mwamba. Iye anadzithira madzi, n'kukwera, n'kumutsitsa mkuluyo pawindo ndi nsalu zolumikiza.

"Ndisanalowe ndinavula nsapato n'kupatsa mnzanga," anatero Macdonald. "Ndinamuuza kuti, undigwirire izi, mwini wake sakudziwa kuti ndavala."

Onse anaseka. Rejoice anamuyang'ana monyadira. A Dickson okha anaika kapu ya tiyi pansi, osamwanso.

Kale, m'zaka za m'ma nainte, a Dickson anali ndi nyumba yoonetseramo kanema kuseri kwa msika wa Chinamwali. Inali ya malata akale, mawindo otseka ndi ziguduli, mabenchi asanu ndi atatu. Poti ambiri sankamva Chingerezi cha azungu a mufilimu, iwo ankaima pambali pa wailesi ya kanema n'kumamasulira mokweza. Ochita mafilimuwo anawapatsa mayina awoawo. Panali Chibwano, amene sankaseka ngakhale kamodzi. Panali Mlamu, wamfupi wolongolola, amene nthawi zonse ankafa filimu isanathe. Panalinso mzimayi wa tsitsi lofiira amene Chinamwali yonse inkamutcha Anamagetsi. Ndipo panali filimu ina imene Chibwano analowa m'nyumba yoyaka kukapulumutsa mlonda wokalamba, n'kumutsitsa pawindo ndi nsalu zolumikiza.

Kuba nkhani ya mufilimu sichinali chachikulu. Amuna amanama akamafunsira, a Dickson ankadziwa zimenezo. Chomwe chinawasowetsa mtendere chinali cha nsapato. Tepi yawo ya filimuyo inali yodyeka pamalo amenewo, mawu sankamveka, ndiye iwo anangopeka kuti Chibwano akunena za nsapato zobwereka. Anthu anakomedwa nazo, moti ankazibwereza tsiku lililonse filimuyo ikaonetsedwa. Mzungu uja sananenepo zimenezo. Munthu wodziwa mawu amenewo anayenera kuti anakhalapo pabenchi lawo, ku Chinamwali, osati ku Kasungu.

Sanauze aliyense. M'mawa mwake anapita mumsika waukulu wa m'tauni kwa a Stambuli, amene kale ankawayendetsera jenereta ndipo tsopano amakonza mawailesi. Anawafunsa ngati tepi ija inabwerekedwapo kwina, kapena ngati womasulira wina anawabera mawuwo. A Stambuli anakana. Anati tepiyo inathera m'manja mwawo, inakulungana m'makina chaka chomwe anatsekera nyumba ija. Anafunsa chomwe a Dickson akufufuzira zinthu zakufa kale, koma iwo anangoti akumbukira chabe.

Sabata yonse a Dickson ankamuzonda Macdonald. Lole yake inkadutsa pamalo pawo kawiri patsiku, kukwera yopanda kanthu, kutsika itasenza. Anaona kuti ngodya za msewuwo amazikhota ngati munthu wozidziwa kuyambira kale. Anaonanso kuti akaima kugula nthochi, salonjerana nthawi yaitali ndi nkhalamba zodula mitengo, ndipo chipewa amachitsitsira kumaso. Mwina zinali zopanda kanthu. Koma munthu wobisa kwawo amakhala atasiyako chinachake, ndipo a Dickson ankaganiza za mkazi ndi ana, kapena ndende.

Lachisanu masana anaimitsa loleyo n'kupempha kuti atsike nawo. Macdonald anawatsegulira chitseko mwaulemu, n'kuchotsa jekete pampando. Anayenda ndithu akukamba za mvula ndi kukwera mtengo kwa dizilo. Atadutsa damu la Mulunguzi, a Dickson anayamba kusimba za ntchito yawo yakale, za mabenchi, za Mlamu amene ankafa nthawi zonse. Macdonald ankangoti "eya, eya," maso ali pamsewu. Kenaka a Dickson anasintha mawu, n'kulankhula ndi liwu lija lokhuthala limene ankamupatsa Chibwano.

"Undigwirire izi, mwini wake sakudziwa kuti ndavala."

Lole inachepetsa liwiro. Macdonald anaipatutsira pamalo otakasuka, n'kuzimitsa injini. Manja ake anakhalabe pachiwongolero.

"Mawu amenewo ndi anga, bambo," anatero a Dickson. "Ndinawapeka ndine. Munawamvera kuti?"

Macdonald anavomera kuti anabadwira ku Chinamwali, mwana wa malemu a Japhet ocheka matabwa, ndipo filimu ija anaionera kasanu ndi kawiri atakhala pabenchi lachiwiri. Chipseracho sichinali cha ku Joni. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, iye ndi anzake anakwera phiri kukasaka mbewa mwezi wa Okutobala, n'kuyatsa udzu. Mphepo inatembenuka, moto unalowa m'mapaini a kampani ina ya matabwa. Iye anayesa kuuzima ndi thumba, thumbalo n'kumuyakira pamkono. Bambo ake anamuthawitsira kwa azakhali ku Kasungu bala lisanapole, ndipo anakulira komweko.

A Dickson moto umenewo ankaukumbuka bwino. Mlonda wa chigawo chimenecho anali mlamu wawo, malemu a Eddie, bambo ake a Rejoice. Mabwana awo anawanena kuti anagona pantchito, n'kuwachotsa, n'kuwalanda nyumba ya kuphiri. A Eddie anatsikira ku Chinamwali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo mpaka imfa yawo anthu ankawaloza kuti ndi amene anawotchetsa nkhalango.

A Dickson anamufunsa Macdonald ngati ankadziwa kuti Rejoice ndi mwana wa ndani pomwe ankamufunsira. Macdonald analumbira kuti sankadziwa. Anati anazindikira patapita miyezi inayi, Rejoice atamusimbira yekha za bambo ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapeze poyambira. Mayi Consolata atamufunsa za chipsera, mutu unaima, n'kungogwira nkhani yoyamba imene inabwera.

A Dickson anamuyang'anitsitsa. Munthuyo ankaoneka wosweka mtima, koma ankaonekanso woona tsiku lija posimba za mlonda wa ku Joni. Iwo anakhala zaka khumi akuonera anthu olira misozi yabodza pakanema, ndiye nkhope yokha sinkawakwanira.

"Ine sindikawauza," anatero. "Mukanene nokha, pamaso pa mayi ake, lisanadutse Lamulungu. Likadutsa ndikanena ndine, ndipo ndikanena moipa."

Anatsika pomwepo n'kumaliza ulendowo wapansi.

Macdonald anapitadi Loweruka. A Dickson anakhala pakhonde, osalowa. Anamva mawu a mwamunayo akuyenda pang'onopang'ono, kenaka bata. Mayi Consolata anatuluka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene anakhala akuchapa zovala zochapa kale mpaka mlendoyo atachoka. Rejoice sanalire. Anangomuuza Macdonald kuti chinkhoswe chomwe anakonza mwezi wamawa chiyambe chaima, ndipo asabwere mpaka amuitane.

Panapita miyezi itatu. Mayi Consolata ndi amene anayamba kufewa. Anati mwana wa zaka khumi ndi zinayi ndi mwana basi, koma anafuna kuti Macdonald akanene zomwezo pamaso pa akulu a mpingo, kuti dzina la amuna awo liyere. Macdonald anakanena. Anthu ena anamuyamikira, ena anasiya kumupatsa moni. Rejoice anamuitana patatha sabata ziwiri, ndipo anagwirizana tsiku latsopano.

A Dickson, monga nkhoswe, sanatsutse. Koma tsikulo lisanafike anasiyira mnzawo malo awo a zipatso, n'kukwera basi ya ku Kasungu osauza mlongo wawo. Anakapeza azakhali aja, gogo wosamva bwino, n'kucheza nawo tsiku lathunthu. Anafunsanso oyandikana nawo, ndi wogulitsa pagolosale, ndi mkulu wa mpingo wakumeneko. Mkazi kunalibe, mwana kunalibe, za ndende palibe anazidziwa. Ku Joni Macdonald anapitadi, koma anakhalako miyezi isanu yokha, akutsuka magalimoto.

A Dickson anabwerera ku Zomba Lachitatu madzulo. Rejoice atawafunsa komwe anasowera, anati anapita kukaona mitengo ya mbatata, ndipo Loweruka lake anaimirira pachinkhoswe n'kulandira akuchimuna.